Lamya yoyamba: mlendo wa podcast amayesedwa, nayenso ayese

Kwa zaka zambiri, mawu a munthu wothyola tiyi m'mapiri a kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe ankafika kutali kudzera pakamwa pa anthu ena. Mkulu wa esiteti ankanena za zokolola, mlembi wa bungwe la apantchito ankanena za malipiro, mlangizi wa boma ankanena za feteleza, ndipo mwini manja ankangomva mbiri yake pa wailesi ngati nkhani ya kudziko lina. Lero zinthu zasintha. Foni ya m'manja yafika m'makomboni a ku Ratelshoek, Jersey ndi Zona m'boma la Chipinge, yafikanso m'minda ya tiyi ndi nthochi ya m'chigwa cha Honde. Wokonza mapologalamu wa ku Mutare, ku Harare, ku Lilongwe ngakhale ku London atha kuimbira mlimi mwachindunji n'kumupempha kuti akhale mlendo wake.

Ambiri mwa mapologalamu amenewa ndi a mtundu wotchedwa podcast, dzina lomwe lidayamba kumveka m'chaka cha 2004. Podcast ndi pologalamu ya mawu yomwe imajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, kuti aliyense aimvere pa nthawi yomwe wafuna. Kusiyana kwake ndi wailesi ya makolo n'kwakukulu. Mawu a pa wailesi ankapita ndi mphepo, ndipo yemwe adali kumunda pa ola limenelo ankangomva kwa anzake. Mawu a podcast amakhala. Amatumizidwa pa WhatsApp kuchoka foni ina kupita foni ina, ndipo atha kumvedwanso patapita zaka zisanu ndi munthu yemwe mlendo sadamuganizireko n'komwe. Nawo mawailesi akutsata njira yomweyo. M'zaka za 2020 ndi 2021 bungwe la Broadcasting Authority of Zimbabwe lidapereka ziphaso zoyamba kwa mawailesi a m'madera, kuphatikizapo Nyangani FM, Chimanimani FM, Vemuganga FM ndi Ndau FM m'chigawo cha Manicaland, ndipo zomwe mawailesi a masiku ano amaulutsa zimapezekanso pa mafoni.

Pologalamu isanajambulidwe, okonza ambiri amayamba aimba lamya yaifupi, kawirikawiri ya mphindi 10 mpaka 20, yongodziwana ndi mlendo ndi kumva ngati akuyenera. Anthu ambiri amaitenga lamya imeneyi ngati moni chabe, ena amaiopa ngati mayeso a kusukulu. Onsewa amataya mwayi. Lamya yoyamba ndi malo okhawo pomwe mlendo ali ndi mphamvu zonse, chifukwa sadapereke kanthu. Nkhalango ya Chirinda, yomwe ili pa phiri la Selinda kum'mwera kwa tawuni ya Chipinge, ili ndi dzina lomwe m'Chindau limatanthauza malo olonderapo. Mchewa sangavutike kulimva, pakuti chilindo amachidziwa: kansanja ka m'munda komwe mlimi amaonera chomwe chikubwera chisanalowe m'mbewu. Ntchito ya lamya yoyamba ndi yomweyo.

Zomwe mkonzi amamvetsera

Woimba lamya yoyamba nthawi zambiri sakhala muulutsi weniweni koma womuthandiza, yemwe ntchito yake ndi kufufuza alendo. Atha kuyankhula ndi anthu atatu kapena anayi pa mutu umodzi n'kusankhapo mmodzi. Iye amamvetsera zinthu zinayi. Choyamba, ngati munthuyo nkhaniyo adaiona ndi maso ake kapena adangoimva. Chachiwiri, ngati amatha kuyankha funso n'kuima, kusiyana ndi kuyamba ulendo wa mawu wopanda pofikira. Chachitatu, ngati mawu ake akumveka bwino pa foni yomwe ali nayo ndi pamalo pomwe ali. Chachinayi, ngati ali ndi kanthu komwe omvera sadamvepo kwina.

Pa zinayi zonsezi palibe satifiketi ya sukulu kapena Chingerezi cha m'mabuku. Mayi yemwe wathyola tiyi kwa zaka 20 amadziwa za tsamba zomwe mkonzi sangazipeze mu ofesi iliyonse. Choncho mantha akuti "ine sindidaphunzire" alibe malo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Komanso kusasankhidwa si chitonzo, chifukwa mwina mkonzi ali kale ndi alimi awiri ndipo akusowa woyendetsa lole, kapena akufuna mawu a mtsikana m'malo mwa a bambo wachikulire.

Naye mlendo ali ndi mafunso

Safunsa adadya phula. Mlendo wanzeru amafika pa lamya ali ndi mafunso ake olembedwa papepala, ndipo amawafunsa poyambirira, asanakambe za moyo wake. Funso loposa onse ndi lakuti kodi lamya imeneyi ikujambulidwa. Mkonzi wachilungamo amayankha mosabisa, ndipo amalonjeza kuti zokambidwa pa lamya yodziwana sizidzaulutsidwa popanda chilolezo. Mafunso ena ofunika ndi awa:

• Pologalamuyo dzina lake ndi chiyani, imamvedwa ndi anthu otani, nanga ndalama zoikonzera amapereka ndani: bungwe lomwe si laboma, kampani yogula tiyi, mpingo, sukulu ya ukachenjede kapena chipani?

• Idzapita pamphepo pomwepo, kapena idzayamba yajambulidwa n'kudulidwa? Ngati idzadulidwa, mlendo adzaloledwa kumva gawo lake lisanatuluke?

• Alendo ena ndani? Ngati mkulu wa esiteti kapena wa boma adzapatsidwa mpata woyankha, adzamva mawu a mlendo ndi dzina lake lomwe?

• Dzina, mudzi ndi chithunzi cha mlendo zidzatchulidwa kapena kuonetsedwa? Pologalamuyo ili ndi kanema?

• Ndalama za mayunitsi, za intaneti kapena za ulendo wopita ku Hauna, ku Chipinge kapena ku Mutare adzabweza?

Ndi bwinonso kupempha mkonzi kuti atumize pologalamu imodzi yakale pa WhatsApp lisanafike tsiku la lamya. Kumvera mphindi 10 zokha kumaulula zambiri: ngati muulutsi amalemekeza alendo ake, ngati amawadula pakamwa, ngati amakonda kukolezera mikangano. Pa nkhani ya ndalama, mapologalamu ambiri salipira alendo, ndipo mlendo asayembekezere malipiro. Koma mlimi asalipirenso. Munthu yemwe akuti atumiziridwe ndalama pa EcoCash kuti dzina lilowe pa mndandanda, kapena yemwe akufunsa nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki, si mkonzi wa pologalamu koma wakuba.

Nkhani imodzi, yodziwidwa bwino

Cholakwa chofala pa lamya yoyamba ndi kufuna kunena zonse. Mlimi akafunsidwa za ulimi wa tiyi amayamba ndi msewu, n'kulumphira ku chipatala, kenaka ku fizi ya ana, mpaka mphindi 15 kutha mkonzi asadagwire kanthu. Zonsezo ndi zoona, koma womvera sangasenze katundu yense pa ulendo umodzi. Mlendo asankhe nkhani imodzi, aikonzere mfundo zitatu, ndipo pa mfundo iliyonse akhale ndi chitsanzo cha zomwe zidamuchitikira.

Mwachitsanzo, mlimi wamng'ono wa m'chigwa cha Honde yemwe amagulitsa tsamba lake ku fakitale ya esiteti atangonena kuti alimi akuvutika, sadanene chilichonse chachilendo. Koma atafotokoza ulendo wa tsamba, womvera amatchera khutu: kuti amathyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira m'bandakucha, kuti tsambalo limayesedwa pa sikelo n'kulembedwa, kuti likanyowa ndi mvula kulemera kwake kumachotseredwa, kuti lole ikachedwa tsamba lopanikizidwa m'thumba limatentha n'kufiira, ndipo lofiiralo limakanidwa. Atawonjezera kuti pamafunika makilogalamu opitirira anayi a tsamba laliwisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, munthu wa m'tawuni yemwe akumwa tiyi m'mawa umenewo amayamba kuiona kapu yake mwa mtundu wina.

Manambala amafuna chisamaliro chapadera. Mlendo alembe papepala kukula kwa munda wake, ndipo adziwe ngati akunena maekala kapena mahekitala, pakuti hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka. Alembenso makilogalamu omwe adagulitsa m'mwezi wina wake, potengera malisiti ake. Akatchula mtengo anene chaka ndi mtundu wa ndalama, chifukwa ku Zimbabwe dola ya America imayenda limodzi ndi ZiG yomwe idakhazikitsidwa mu Epulo 2024, ndipo nambala yopanda dzina la ndalama imasokeretsa. Nambala yomwe sakuidziwa bwino aisiye. Mkonzi akapeza nambala imodzi yolakwika amayamba kukayikira zina zonse, ngakhale zoona. Pepalalo ndi lokumbutsa chabe, si lowerenga, pakuti mawu owerengedwa amamveka ngati chilengezo cha maliro.

Nkhani siikhala ya mavuto okhaokha. Dera limeneli lili ndi mbiri yomwe okonza mapologalamu amaifuna kwambiri. Tiyi adayamba kulimidwa m'boma la Chipinge m'chaka cha 1924 pa esiteti ya New Year's Gift, ndi mbewu yochokera ku Assam m'dziko la India, ndipo maesiteti a m'chigwa cha Honde adatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Antchito ambiri adali ochokera m'midzi yozungulira ndi ku Mozambique, koma ena adachokera ku Nyasaland, monga momwe zidalili m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia yense. Ena adabwera pansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, ndipo ambiri mwa iwo sadabwererenso, n'kusanduka machona. Mdzukulu yemwe akudziwa dzina la mudzi wa agogo ake ku Mulanje kapena ku Dedza, chaka chomwe adanyamuka ndi ntchito yomwe adayamba nayo, ali ndi nkhani yomwe kulibe buku lililonse. Chimodzimodzi wantchito yemwe adachoka m'munda wa tiyi n'kupita ku mtedza wa makademiya kapena ku mapeyala, mbewu zomwe maesiteti a ku Chipinge adabzala zambiri m'zaka zapitazi, atha kufotokoza kusintha kumeneku kuposa wina aliyense. Nayenso mlimi yemwe akudziwa kuti mtundu wa tiyi wa m'munda mwake udachokera ku malo a kafukufuku a Mimosa ku Mulanje, omwe akhala akutumikira alimi a maiko onse awiri, ali ndi ulusi womangira Honde ku Malawi.

Chofunika n'chakuti nkhaniyo ikhale yake. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mkonzi akafunsa zomwe zimachitika pa esiteti ina, kapena phindu lomwe kampani imapeza, yankho laulemu ndi lakuti, "Pepani bambo, zimenezo sindidazione ndi maso anga, koma ndingakuuzeni za m'munda mwanga." Yankho lotere limakweza mlendo pamaso pa mkonzi.

Akuyankhulira yani?

Mkonzi amakonda kupatsa mlendo udindo woposa womwe ali nawo, chifukwa "woimira alimi a ku Honde" amamveka bwino kusiyana ndi "mlimi wina". Mlendo akonze zimenezi pa lamya yoyamba, ndipo anene momwe akufuna kuti adzatchulidwe. Ngati akuyankhula m'dzina la kalabu, kopaletivi kapena komiti ya madzi, ayambe wakumana ndi anzake kuti agwirizane zomwe zikanenedwe, ndipo mfundozo zilembedwe m'buku la msonkhano. Ngati nkhani ikukhudza malo kapena malire a minda, ndi ulemu kudziwitsa nyakwawa, yemwe kumeneko amatchedwa sabhuku. Wogwira ntchito m'bungwe lomwe si laboma afunse kaye mkulu wake, pakuti mabungwe ambiri ali ndi munthu wosankhidwa woyankhula ndi atolankhani. Mlangizi wa Agritex kapena wazaumoyo wa m'mudzi ali pansi pa malamulo a ntchito za boma, ndipo chilolezo chake chimachokera ku ofesi ya boma lake. Nkhani za malipiro a onse ndi mapangano a pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito zili ndi eni ake, monga atsogoleri a bungwe la GAPWUZ, ndipo mlendo atha kulozera mkonzi kumeneko.

Pomwe pali malire

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wa m'tawuni akayankhula molakwika pa podcast amachita manyazi kwa sabata imodzi. Wantchito wa pa esiteti ali pena. Nyumba yomwe amagonamo ndi ya kampani, ana ake amaphunzira pa sukulu ya pa esiteti, ndipo akadwala amapita ku chipatala cha pomwepo. Ngati ali wa ganyu ya nyengo, palibe chifukwa chomuchotsera ntchito: amangosiya kumuitana nyengo yotsatira. Kwa mdzukulu wa tchona, yemwe alibe mudzi wobwerera, ntchito ikatha ndiye kuti denga lathanso. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mawu amenewa sakuletsa munthu kunena zoona. Akumukumbutsa kuti aganizire mtengo wake ali m'nyumba, asanafike pamaso pa makina ojambulira.

Mlendo alembe pasadakhale mitu yomwe sakufuna kuikamba, ndipo aiuze mkonzi momveka pa lamya yoyamba. Ngati akufuna kunena zolakwika za kuntchito, afunse ngati dzina lake lingasinthidwe. Adziwenso kuti kusintha dzina sikubisa mawu. M'komboni ya mabanja 100 aliyense amadziwa katchulidwe ka mnzake, ndipo kungonena kuti "ndili ndi ana asanu, mwamuna wanga adali mlonda" n'kokwanira kuti kapitawo amuzindikire. Mkonzi wosamala atha kupatsa munthu wina kuti awerenge mawuwo, kapena kuchotsa zizindikiro zotere. Ngati sangalonjeze zimenezi, mlendo asankhe pakati pa kuyankhula poyera atadziwa zotsatira zake, ndi kukana.

Kutchula munthu dzina pomuneneza kuba kapena chinyengo kuli ndi malamulo ake. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe lidagamula m'zaka za 2014 ndi 2016 kuti kuipitsa mbiri ya munthu si mlandu womangitsa, koma woipitsidwayo ali ndi ufulu wosumira kuti alipidwe. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limaletsanso kufalitsa pa intaneti uthenga wabodza wokhudza munthu wodziwika ndi cholinga chomupweteka. Choncho mlendo anene chomwe chidachitika, tsiku lake ndi umboni womwe ali nawo, koma chigamulo chakuti wakutiwakuti ndi mbava achisiyire makhoti.

Mutu wina womwe okonza mapologalamu amaufuna kwa anthu a magazi a ku Malawi ndi wa unzika. Kusintha kwa lamulo la unzika m'chaka cha 2001 kudasiya ana ambiri a anthu obwera opanda dziko, ndipo zitupa zawo zidali ndi chizindikiro chakuti ndi alendo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, adati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asadatuluke, yemwe kholo lake limodzi lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe lipoti la bungwe la Amnesty International la 2021 lidaonetsa kuti anthu ambiri adali akadalibe ziphaso za kubadwa ndi zitupa. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kukambidwa, ndipo yemwe adayenda njira yonse mpaka kulandira chitupa atha kuthandiza anzake ambiri pofotokoza maofesi omwe adapitako ndi mapepala omwe adafunsidwa. Koma asawerenge nambala ya chitupa pa foni, asatumize chithunzi chake kwa munthu wosamudziwa, ndipo asatchule mayina a abale kapena anansi omwe mapepala awo sadalongosoke.

Palinso zowawa za mumtima. Namondwe wa Idai, yemwe adakantha maboma a Chimanimani ndi Chipinge mu Malichi 2019, adasiya mabanja omwe sadaone ngakhale mitembo ya okondedwa awo ku Kopa ndi ku Ngangu. Opulumuka afunsidwa kambirimbiri kuti afotokoze usiku umenewo. Palibe yemwe ali ndi ngongole ya misozi kwa mkonzi aliyense. Mlendo atha kunena kuti adzakamba za kumanganso munda ndi za machenjezo a nyengo, koma za imfa ya mwana wake ayi. Chimodzimodzi matenda a munthu wina, nkhanza za m'banja la mnzake ndi mayina a ana: zimenezi si za mlendo kuti azigawe. Nawo gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 ndipo amavinidwa m'mafamu ndi m'migodi ya Zimbabwe, amakopa mafunso a chidwi. Za mbiri yake, nyimbo za pabwalo ndi mwambo womwe amaphunzitsa zitha kukambidwa ndi chilolezo cha akuluakulu, koma za kudambwe zimatsala kudambwe.

Chiyankhulo cha mtima

Gawo 6 la malamulo a 2013 limazindikira ziyankhulo 16, ndipo Chichewa, Chindau ndi Chibarwe zili pa mndandanda umenewo. Wailesi ya National FM imaulutsa m'ziyankhulo zambiri za m'dzikomo, Chichewa chili pomwepo. Choncho kupempha kuyankhula m'chiyankhulo cha kunyumba si kuvutitsa. Zidzukulu zambiri za machona zimayankhula Chindau kapena Chimanyika kuntchito, Chichewa kunyumba ndi pamaliro, Chingerezi ku ofesi. Mlendo asankhe chiyankhulo chomwe amatha kufotokozeramo zinthu mozama, ndipo anene zimenezi pa lamya yoyamba kuti mkonzi apeze womasulira. Afunsenso womasulirayo ndani, chifukwa kalaliki wa pa esiteti si woyenera kumasulira madandaulo a wothyola tiyi. Ndi bwino kupempha kuti mawu enieni a mlendo amveke pang'ono kumasulira kusanayambe, kuti akwawo adzathe kutsimikiza kuti zomwe zamasuliridwa ndi zomwe adanena.

Mlendo akumbukirenso kuti womvera ali kutali. Wa ku Lilongwe sadziwa kuti mudhumeni ndi mlangizi wa zaulimi, ndipo wa ku London sadziwa kuti Hauna ili kuti. Mawu amodzi kapena awiri ofotokozera amakwanira.

Foni, malo ndi nthawi

Alendo ambiri abwino amalephera chifukwa cha zinthu zazing'ono. Dziko la mapiri ndi zigwa limabisa netiweki, ndipo malo omwe Econet kapena NetOne imagwira lero atha kukhala chete tsiku la guti, mvula yamawawa ija yomwe a ku Thyolo ndi ku Mulanje amaitcha chiperoni. M'midzi ya m'malire, monga kufupi ndi Espungabera, foni imatha kulumphira yokha ku netiweki ya ku Mozambique, ndipo mayunitsi amatha msanga kapena woimba sapeza munthu. Mlendo ayese malo ake dzulo lake pa ola lomwelo, poimbira mbale wa kutali n'kumufunsa momwe mawu akumvekera. Atchaje foni mokwanira, makamaka ngati amadalira sola m'masiku a mitambo, ndipo apereke nambala yachiwiri.

Phokoso nalo ndi mdani. Mvula pa denga la malata, chigayo, belu la fakitale, tambala ndi wailesi ya mnansi zonse zimalowa m'foni. Chipinda chokhala ndi matilesi, zovala ndi makatani chimamveketsa mawu bwino kusiyana ndi kalasi kapena tchalitchi chopanda anthu, momwe mawu amabwerera. Foni igwiridwe pakhutu kapena ndi timawaya ta m'makutu, osati yotsegulidwa kuti onse amve. Pali vuto lina lomwe anthu saliganizira: pachulu pomwe netiweki imagwira bwino ndi pomwe mudzi wonse umaimbira mafoni. Nkhani yachinsinsi siikambidwa pamenepo. Ngati foni ndi yobwereka, mwini wake adziwe chomwe ikukagwira, pakuti mauthenga onse otsatira adzafikira iye. Netiweki ikakanika, mlendo atha kupempha kuti mafunso atumizidwe pa WhatsApp, iye n'kuyankha ndi mawu ojambula, omwe amadikira mpaka netiweki itabwera.

Nthawi igwirizanidwe momveka. Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique ali pa ola limodzi, koma Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi, pomwe London ali m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi m'miyezi inayo. Mlendo afunse kuti ola lomwe latchulidwa ndi la kuti. M'nyengo ya mvula, pomwe tiyi amaphuka kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, ola lililonse la m'mawa ndi ndalama, ndipo wothyola asataye tsiku chifukwa cha lamya. Madzulo kapena Lamulungu masana ndi nthawi yabwino, ndipo mkonzi yemwe akufunadi mawu a mlimi adzadikira.

Lamya ikatha

Mlendo sakakamizidwa kuvomera pomwepo. Atha kupempha tsiku limodzi kapena awiri kuti akambirane ndi a kunyumba kwake kapena komiti yake. Akavomera, apemphe mkonzi kuti atumize uthenga wolembedwa wonena zomwe agwirizana: tsiku, mutu, chiyankhulo, dzina lomwe lidzatchulidwe ndi mitu yomwe siidzafunsidwa. Uthengawo ausunge. Tsiku lojambula likafika, muulutsi akalumpha malire, mlendo ali ndi ufulu womukumbutsa mwaulemu kuti funsolo silidali m'pangano. Pangano lotere ndi losavuta kulimanga pa lamya yoyamba, koma pologalamu ikatuluka, madzi akatayika saoleka.

Alangizi ndi ogwira ntchito za chitukuko ali ndi gawo lalikulu pa zonsezi, popeza okonza mapologalamu ambiri amadzera mwa iwo pofuna alendo. Udindo wawo woyamba ndi kusapereka nambala ya munthu asanamufunse. Wachiwiri ndi kusasankha anthu omwewomwewo nthawi zonse, monga wapampando ndi mlembi, pomwe amayi omwe amathyola tsamba ndi achinyamata omwe akuyamba ulimi sakumveka. Wachitatu ndi kuyeserera ndi mlendo dzulo lake: mlangizi akhale ngati mkonzi, afunse mafunso ovuta, ndipo aone ngati yankho likutha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Pa lamya yeniyeni mlangizi atha kukhala pafupi ngati mlendo wafuna, koma asamuyankhire kapena kumunong'oneza zoti ayamikire bungwe lake. Mkonzi amazindikira msanga mawu oikidwa m'kamwa, ndipo omvera amawazindikira msanga kuposa apo.

Pologalamu ikatuluka, ndi bwino kuti kalabu kapena komiti iimvere pamodzi, n'kukambirana zomwe zidamveka bwino ndi zomwe zidatsala. Mkonzi yemwe adasunga pangano alembedwe m'buku ngati bwenzi la mudzi, ndipo yemwe adaliphwanya adziwikenso, kuti akadzaimbanso foni adzapeze anthu okonzeka. Mudzi womwe uli ndi anthu asanu odziwa kufunsa mafunso asanayankhe sudikiranso kuti ena aunenere mbiri yake.